Chitsulo cha m'garaja ya a Dennis

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la girisi ndi dzimbiri la m'garaja ya neba wathu ku Romford, kutsidya kwa nyanja. Agogo anali makaniko ku Limbe moyo wawo wonse, ndipo anabwera kudzakhala nafe miyezi ingapo ine ndili mtsikana wa zaka khumi, amayi akuswera kuchipatala kumene ankagwira unamwino. Kungokhala m'nyumba kunkawatopetsa, choncho ankaima pampanda atavala majuzi awiri, kumvetsera masipanala akulira kwa a Dennis.

A Dennis anali mzungu wachikulire amene anapuma pantchito yoyendetsa basi. Anali ndi galimoto yakalekale yopanda denga, ya malemu bambo awo, imene ankaitcha hot rod. Tsiku lina Loweruka anatiitana, ali ndi chitsulo chachitali ngati mkono, chimodzi mwa ziwiri zogwirizira ekiselo, mtanda wa matayala a kutsogolo. Banja lawo lonse linkati zitsulozo zinachokera ku America, koma akatswiri a magalimoto akale sanapezepo nambala kapena dzina la fakitale. Akatswiriwo anawauza kuti n'zachabechabe, azitaye.

Chingerezi chothamanga cha a Dennis agogo sankachimva, motero womasulira ndinali ine, amene Chichewa ndinkangochimva pang'ono n'kumayankha m'Chingerezi.

Agogo anachipukuta ndi palafini, anachigogoda ndi sipanala atachiyandikiza kukhutu, kenako anayendetsa chala m'timaenje tosaoneka bwino.

"Iwe Tadala, uwauze kuti ichi si cha kufakitale. Anachisula munthu, pamoto, ndi nyundo."

Ndinawauza. A Dennis anafunsa kuti munthuyo ndani, wa kuti. Agogo anachitembenuza kawiri n'kung'ung'udza mawu amene ndinangotolapo "manzere". Onse awiri ankandiyang'ana, ndipo ndinachita manyazi kufunsanso.

"Akuti amene anasula anali wamanzere," ndinatero.

A Dennis anakhala pa tayala. Kenako misozi inayamba kutsika. Bambo awo anali amanzere. Anati bambowo anali munthu wosayankhulayankhula, wosadzitama, ndipo sanawauzepo kuti ankadziwa kusula.

Agogo anandikodola. "Kodi wawauza chiyani mwana iwe? Ndawalakwira?"

"Ayi agogo, akondwa."

"Akondwa chonchi? Azungu ndiye ovuta kuwamvetsa."

Zitsulozo sizinatayidwe. Awiriwo anazibwezera pagalimoto, akulankhulana ndi manja basi, ndipo agogo anakwera nawo mpaka kumsika, chipewa atachigwira ndi manja onse.

Patapita zaka, agogo atamwalira kale, ndinafotokozera amayi nkhaniyi. Anandifunsa mwachidwi kuti, "Ananena kuti wamanzere, kapena cha kumanzere?"

Apo m'pamene ndinayamba kukayika. Zitsulo zija zinali ziwiri, china cha kumanja, china cha kumanzere. Mwina agogo ankangonena mbali imene chimamangidwa. Koma amayi omwewo akuti agogo ankatha kuona kamenyedwe ka nyundo n'kudziwa mnzawo amene wagwira ntchitoyo, ndiye mwinanso ndinamva bwino.

A Dennis adakali moyo, kunyumba yosungira okalamba, ndipo ndimakawaona. Nthawi zonse amauza anamwino kuti ine ndi agogo tinawabwezera bambo awo. Kangapo ndatsegula pakamwa kuti ndiwauze kuti sindikudziwa chimene ndinamva tsiku lija. Ndimangowakonzera bulangete pamaondo, n'kuwafunsa ngati amwa kale tiyi.