Nyanja ya Somoe m'Kabati ya Chipisi

Nsomba zonse za ku Kilwa, kwathu kuno m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndinaziphunzitsa kusambira ndine. Ndisanabadwe zinkangokwawa pansi ndi mimba ngati abuluzi, mpaka tsiku lomwe ndinalowa m'madzi n'kuzionetsa kagwedezedwe ka mchira. Chabwino, limenelo ndi bodza. Ine madzi akangondifika m'mawondo ndimayamba kuitana amayi anga omwe anamwalira kalekale. Koma za Somoe, mwana wa mlongo wanga, ndikuuzani zoona zokhazokha, kupatula apo ndi apo pomwe lilime lingaterereke.

Somoe anakulira m'minda ya mchere, kuja amatsekera madzi a m'nyanja m'zigawo kuti dzuwa liwamwe. Anayamba kukokolola mchere ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo zidendene zake zinang'ambika moti nkhuku ina inaikira dzira mu mng'alu umodzi iye ali chiimire. Atakwatiwa ndi Mshamu n'kubereka mwana wawo Zuhura, anasiya mchere n'kuyamba kukazinga chipisi ndi mazira pa siteji ya mabasi. Mshamuyo anali munthu wa pansi pa nyanja. Ankatsika ndi paipi ya mpweya kukamwa kukagwira nkhanu zikuluzikulu zija amadya alendo m'mahotela, ndipo kumtunda kuno ankangobwera ngati wodzacheza.

Tsiku lina injini yopopa mpweya inazima iye ali pansi. Anakwera mofulumira, ndipo pomwe ankamukokera m'ngalawa miyendo inali itasanduka ya munthu wina. Kuchipatala anayesa zawo n'kumubweza. Anagona pa bedi la zingwe, nkhope kukhoma. Mwezi woyamba ankadya pang'ono. Wachitatu ankangolawa. Pofika wachisanu mpunga wa kokonati unkatuluka m'chipindamo momwe walowera. Sankalira, sankatukwana, ankangoyang'ana khoma.

"Bambo a Zuhura, anzanu akuti akunyamuleni mukaione nyanja," Somoe ankamunyengerera.

"Ndikaone pamwamba pake? Pamwamba m'pa anthu a ngalawa. Ndisiyeni."

Nthiti zake zinayamba kuwerengeka munthu uli pakhomo. Somoe ankadziwa kumene zimenezi zimathera.

Ndiye tsiku lina pa siteji paja, kondakitala wina anamuonetsa pa foni kanyanja ka m'galasi, ka mzungu wina wa kutali: miyala, timaluwa togwedezeka, tinsomba. Somoe anayang'ana foniyo, n'kuyang'ana kabati yake yagalasi yosungiramo chipisi. Mawa lake kabatiyo inali kwa mmisiri wa magalasi, akuimata m'makona kuti isadonthe. Chipisi anayamba kugulitsira m'beseni, ntchentche zili m'chimwemwe.

Hemedi, mnzake wa Mshamu yemwe amagwira tinsomba tokongola n'kumatumiza ku Dar es Salaam, ndiye anamuthandiza. Anabweretsa mchenga, miyala ya pansi pa nyanja, kapampu kakang'ono ndi getsi la buluu loyendera batire ya sola. Madzi analowa ndowa zitatu basi.

"Mlamu, mwezi wathunthu musaikemo nsomba," anatero Hemedi. "Miyala iyambe yakhazikika kaye. Madzi adzada, musawataye. Adzayera okha."

Mwezi umenewo Kilwa yense anaseka. Ankati Somoe wayamba kuweta miyala, mwina chaka chamawa iswa. Ine ndiye ndinkatsogolera nyimboyo. Koma madzi atayera ngati diso la mwana, Hemedi n'kuikamo tinsomba tiwiri tofiirira ta mizere yoyera, kankhanu kamodzi ndi matumbawe ofewa, timaluwa tamoyo tija timamera pa miyala ya pansi, ndinaona kuti pano pakhala ulemu, ndipo ulemu sindiulola kundidutsa. Ndinauza Somoe kuti ku Masikati, mzinda wa kutali kutsidya kwa nyanja, ndinasamala nyanja yagalasi ya mfumu ya kumeneko zaka zisanu ndi ziwiri, momwe munali nsomba yaikulu ngati basi, yomwe inkandipatsa moni ndi dzina. Ku Masikati sindinapondeko. Somoe mwina ankakayika, koma Hemedi anali atanyamuka kupita ku chilumba cha Mafia kwa miyezi iwiri, kumalo kosagwira foni, ndipo wina womufunsa panalibe.

Kabatiyo anaiika pafupi ndi bedi. Masiku awiri Mshamu sanacheuke. Tsiku lachitatu Somoe akusesa anamva mawu kumbuyo kwake.

"Mwala uwo mwauika chozondoka."

Tsache linagwa.

"Uti, bambo a Zuhura?"

"Wa kumanzerewo. Mbali yofiirayo imayang'ana kumwamba. Anakuphunzitsani ndani?"

Somoe anautembenuza. Madzulo ake anabwera ndi mbale ziwiri, ina ya mpunga, ina ya nyenyeswa za nsomba zosinja.

"Izi zimadya mwini wake akadya," anatero. "Inu supuni, izo nyenyeswa. Mukakana, zigona ndi njala."

"Mayi a Zuhura, umenewo ndi ufiti."

"Ndi ufiti ndithu. Yasamulani."

Anadya masupuni asanu ndi limodzi. Patatha sabata ankamaliza mbale, akukalipira tinsombato kuti n'taulesi.

Kenako kunabwera kutentha kwa Januwale. Malata ankalira okha masana, ndipo ine ndinaona ndi maso anga khwangwala akugwa kuchokera kumwamba atapsa kale. Somoe anaika kafani kuti kazipepesa pamwamba pa madzi. Madzi anayamba kutsika, chala chimodzi tsiku lililonse.

"Malume, madzi akuchepa. Ndiwonjezeremo otani?"

"Iwe Somoe, funso lanji limenelo? Nsomba ya m'nyanja uipatse madzi akumwa? Ukufuna kuipha? Ku Masikati wantchito wina anangodontheza thukuta lopanda mchere, nsomba makumi anayi zinafa pompo. Nyanja si iyo ili pakhomo? Katunge."

Ndipo kunena zoona, aliyense wa ku Kilwa akanayankha chimodzimodzi. Mwana wa kuno amakula akudziwa kuti nsomba ya m'nyanja ukaiponya m'chitsime imafa. M'mawa uliwonse Somoe ankalowa m'nyanja mpaka m'chiuno, kutunga madzi oyera bwino, kusefa pa nsalu, n'kudzaza kabati mpaka pa mzere wake.

Sabata yachitatu matumbawe anafumbata ngati zibakera za khanda ndipo sanatsegukenso. Kankhanu kanapezeka chagada. Somoe anatsuka pampu. Anasintha nyenyeswa. Anaphimba kabati ndi chitenje poopa maso a anthu. Anaitana shehe kudzawerenga pemphero pamwamba pa madziwo. Ine ndinati nsombazo zasowa mwezi, azitulutse panja. Somoe anathamangira kudoko kufunsa ngalawa iliyonse ngati ikupita ku Mafia, kuti imutengere uthenga kwa Hemedi. Palibe inkapita sabata imeneyo. Anaimba foni ya Hemedi mpaka batire inatha, n'kubwereka ya mnansi, nayonso inatha. Ndipo m'mawa uliwonse, poganiza kuti madzi atsopano ndiwo mankhwala, ankawonjezeramo nyanja ina.

Lachisanu m'mawa kansomba kamodzi kanayandama. Kotsalako kanagona pakona, chammbali, kakupuma mofulumira ngati munthu wothamangitsidwa.

Mshamu anakankha mbale. Anatembenukira kukhoma.

"Bambo a Zuhura, supuni imodzi yokha."

Somoe analoza kabati.

"Kamodzi kakadali moyo. Taonani, kakupuma."

"Katengeni mukakatayire kunyanja," anatero osacheuka. "Kasafere m'galasi. Wofera m'chipinda muno akwane mmodzi."

Somoe anakhala pansi, pa simenti. Ine ndinali pakhomo ndikumuyang'ana. Anakhala choncho mpaka mthunzi wa zenera unasuntha. Kenako anadzuka, natenga kapu, chifukwa mwamuna wake anali atapempha ndipo china chochita panalibe. Anapisa dzanja m'kabati kuti akakole kansombako.

Analichotsa msangamsanga.

Pa chala chake panali bala la mpeni wosendera mbatata. M'mawa womwewo analowa nalo m'nyanja, linangonyereza pang'ono. Apa linaluma ngati moto. Ululu umenewo ankaudziwa. Zidendene zake zinaudziwa zaka khumi. Anayang'ana m'mphepete mwa galasi, pomwe panali tizinthu toyera tomwe ankapukuta tsiku ndi tsiku osaganizapo kanthu. Anakanda ndi chikhadabo, n'kuika pa lilime. Kenako anatunga madziwo m'dzanja n'kulawa.

"Mayo ine," ananong'ona. "Munda wachiwiri."

"Ukuti chiyani?" ndinafunsa.

"Awa si madzi a m'nyanja, malume. Awa ndi a m'munda wachiwiri wa mchere, omwe dzuwa lamwako kale! Dzuwa limamwa madzi, mchere limausiya. Ukathiramo nyanja ina, limwanso, mchere n'kuwonjezekera. Mchere timaupanga choncho! Ine, ine mwana wa m'minda, ndakhala ndikulima mchere pafupi ndi bedi la mwamuna wanga masabata atatu!"

Bedi la zingwe linalira. Mshamu anali atatembenuka.

"Bweretsani ndilawe."

Anamupatsa pa supuni. Anagwedeza madziwo m'kamwa, n'kulavulira m'mbale.

"Nyanja iyi sindikuidziwa," anatero.

Ku minda ya mchere mdani wamkulu ndi mvula, chifukwa imasungunula ntchito ya mwezi wathunthu. Tsopano Somoe ankafuna mdani yemweyo, kumwamba kuli mbee. Madzi a m'zitsime zathu ndi amchere kale, a pa mpopi amanunkha mankhwala. Koma kuseri kwa nyumba yanga kuli mgolo wa madzi a mvula ya Disembala, omwe ndimasungira tiyi wanga yekha. Sanandipemphe. Ndinangomuona akudutsa ndi ndowa pamutu, madzi akumutayikira kumaso, akuthamanga ngati nyumba yapsa. Anafika, nakweza ndowa yonse pamwamba pa kabati.

"Imani!"

Mawuwo anamveka mpaka kudoko. Anali mawu a Mshamu akale, a pa ngalawa.

"Kakufa, bambo a Zuhura! Kakufa pompano!"

"Mukathira onse kafa msanga kuposa pamenepo. Ine ndinakwera kamodzin'kamodzi, si ine ndagona apa? Thupi silifuna kudzidzimutsidwa. Tsitsani ndowayo. Chotsani kapu imodzi ya m'kabati, muthire kapu imodzi ya mvula, pafupi ndi pampu. Kenako tidikire."

"Mpaka liti?"

"Ndikuuzani ine. Ndikwezeni, ndiike msana kukhoma."

Miyezi isanu ndi iwiri munthuyo anali asanapemphe kukhala tsonga. Somoe anamukweza, namuikira mapilo. Ndiye inayamba ntchito yowawa kuposa kukokolola mchere: kudikira, ndowa yodzaza ili pamapazi, kansomba kakuvutika pamaso. Kapu imodzi. Kudikira. Somoe ankaluma nsonga ya chitenje. Kawiri konse dzanja lake linapita lokha ku ndowa, Mshamu n'kungoti, "Mayi a Zuhura," dzanjalo n'kubwerera. Makapu angapo aliwonse Mshamu ankalawa pa supuni n'kupukusa mutu. Chakudya sanakhudze. Anati adya kansombako kakadya.

Loweruka linatha choncho. Chipisi sichinakazingidwe. Matumbawe awiri anasungunuka n'kusanduka ngati mamina, Somoe anawachotsa akulira mosatulutsa mawu.

Lamulungu masana kansombako kanadzuka pakona paja. Kanapendama, kanawongoka, kanapendamanso, kenako kanayenda pang'onopang'ono mpaka kuseri kwa mwala wofiira uja. Pa mwala womwewo kaduwa kamodzi, kakang'ono ngati batani la malaya, kanali katatsegula theka. Somoe anagwetsamo kanyenyeswa. Kansombako kanakayang'ana, kanakasiya kadutse. Mbale ya mpunga inali pa mpando, yovundikira, ikuzizira.

Apa m'pomwe ndinaona kuti nkhani yayamba kukoma, ndipo ndinalowa ndi chifuwa patsogolo.

"Mwaona? Si zomwe ndinkanena zija? Madzi a mvula! Ku Masikati tinkachita kuitanitsa mvula pa ndege kuchokera ku India."

Somoe anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso ake anali ofiira.

"Zoona, malume. Ndiye poti lilime lanu ndi la ku nyumba ya mfumu, tatilawireni. Bambo a Zuhura lawo latopa."

Anatembenuka, ndinamva kapu ikutunga, n'kundipatsa. Tsono ine madzi osambamo nsomba, momwe mwafera nkhanu, sindingawameze ngakhale mutandilonjeza ng'ombe. Ndinakweza kapu, milomo nditatseka ndithu, ndinapendeketsa pang'ono, n'kutsitsa. Ndinatafuna mphepo, maso kudenga, monga amachitira akatswiri.

"Mmm. Wayesetsa, mwana wa mlongo wanga. Koma mchere ukadali wochuluka. Wapitirira ndi theka la supuni, mwinanso ndi kambewu kamodzi pamwamba."

Kubedi kunamveka kaphokoso ngati munthu watsamwa. Mshamu anali ataona pomwe kapuyo inatunga. Mapewa ake ankagwedezeka, nthiti zonse zija zikuvina, misozi ili mbwee, ndipo dzanja lake, iye mwini osaliona, linali litavundukula kale mbale ya mpunga.

"Theka la supuni, malume?" anafunsa Somoe.

"Ndi kambewu kamodzi."

"Ndatunga mu ndowa. Amenewo ndi madzi a mu mgolo mwanu, omwe mwamwera tiyi m'mawa uno."