Mpunga Umene Unamwa Madzi a Pampopi

Anzanga, ndinakumana naye tsiku lomwe firiji ya mu lab yathu inafa.

Ndinali nditagwada pansi, ndikulongedza masamba a mpunga m'bokosi la ayezi. Iye, wokonza mafiriji, analowa ndi chikwama cha zida n'kundiyang'ana.

"Achemwali, mwafedwa kapena ndi masamba chabe?"

Ndinamufotokozera zonse, ngakhale sanafunse. Ntchito yanga ndi kufufuza mbewu ya mpunga yomwe ingapirire m'minda yolowa mchere. Mchere ukachuluka, mkati mwa tsamba mumapangika poizoni wowotcha mbewu. Mbewu yolimba imachulukitsa ma enzyme ochotsa poizoniyo, monga catalase. Ma enzyme amenewa akatenthedwa amawonongeka, n'chifukwa chake ndinkalirira firiji.

Anaikonza, n'kundipatsa dzina lakuti Mayi Nkhawa. Ine ndinkamutcha Wafiriji. Posakhalitsa tinagwa m'chikondi.

Ine ndine munthu woti ndikakiya chitseko ndimabwerera kukachigwedeza. Iye ankangondigwira dzanja n'kunena kuti tiye, nyumba sithawa. Ndinayamba kugona tulo teniteni, ndinanenepako.

Amayi atagonekedwa m'chipatala, anadzipereka kuti azindithiririra mbewu mu greenhouse, nyumba yokuliramo mbewu za kafukufuku. Ndinamuonetsa mgolo wa madzi a mchere ndi mzere wa miphika woyenera kumwa madziwo. Tsiku limenelo nsonga za masamba zinali zitayamba kupsa, ndipo ndinalira iye akuona.

Nditabwerera kuntchito, nthawi yothirira mchere inali itatha. Mpunga unali wobiriwira, wonona...

Koma nditayeza masamba ake, ndinadabwa. Ukasinja tsamba n'kudonthezera mankhwala oyezera, catalase amatulutsa thovu. Mbewu yomwe ikulimbana ndi mchere thovu lake limachuluka. Langa linali lofanana ndi la mbewu zomwa madzi wamba. Ndinamuuza kuti pali china chake chomwe sichili bwino.

"Wayambanso, Mayi Nkhawa? Zabiriwira, ukudandaula. Zikanauma, ukanadandaulanso. Sangalalako kamodzi, babe."

Ndinasangalaladi. Dothi sindinaliyeze, ine yemwe ndimayeza chilichonse.

Ndinaitana abwana, anzanga a kuntchito ndi atsogoleri a alimi omwe minda yawo yayera ndi mchere. Ndinavala suti yanga yabwino. Ndinawauza kuti mwina mbewuyi ili ndi njira ina yodzitetezera yomwe sitikuidziwa. Bambo wina mwa alimiwo anafunsa kuti angayambe liti kubzala.

Abwana sananditsutse. Anangotenga kamakina koyezera mchere n'kukazika mumphika umodzi, kenako mu wina. Atatero anapita kukavundukula mgolo uja.

Unali wodzaza mmene ndinausiyira.

"Mpunga uwu wakhala ukumwa madzi a pampopi," anatero motsitsa mawu.

Alimi aja anayang'ana nsapato zawo. Anzanga, bola alimiwo akanandiseka. Mmodzi anachita kundithokoza potuluka.

Wafiriji ndinakamupeza pashopu yake, mutu uli m'firiji ya munthu wina. Sanakane n'komwe. Anati atandiona ndikulira anaganiza zoti mbewuzo zipumeko kaye, ndiye anatsukuluza miphika yonse ndi payipi. Zitabiriwira anasowa poyambira kubwezeranso mchere.

"Amayi ako ali m'chipatala, mbewu nazo zikufa. Ukanakwanitsa iwe?"

Ndinamuyankha kuti zina zinkayenera kupsa kuti zolimba zidziwike. Ndinamufunsanso chifukwa chake sanandiuze tsiku lija ndinkadandaula za thovu.

"Unali ukusangalala," anatero, akupukuta manja ndi kansanza.

Ndinamulanda kiyi wa greenhouse n'kutuluka. Sananditsatire, ndipo sindinatembenuke.

Kafukufukuyo anamupereka kwa mnzanga wina, ayambiranso chaka chamawa. Alimi aja abzalanso mbewu yakale m'minda yomweyo. Kuntchito palibe amene amainena nkhaniyi, koma ndikamadutsa ndi ndowa anthu amasuzumira kuti aone komwe ndatunga.

Anzanga, munthu wokubisira zoona kuti usalire amangokusunthira tsiku lolira, n'kukuwonjezera oonerera.

Masiku ano ndikakiya chitseko ndimabwerera kukachigwedeza. Palibe wondigwira dzanja.