Ndinanamizira Mimbulu

Chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, nyumba yathu ya ku Hyattsville, ku America, inkanunkha guluu. Pa tebulo lodyera panali chikatoni chopinda patatu, chimene aliyense m'kalasi mwathu anapatsidwa kuti akonzepo ntchito ya sayansi. Panja mitengo inali itafiira, masamba akuyoyokera pa magalimoto, ndipo m'mawa mapaipi otenthetsa nyumba ankagogoda ngati munthu akuodira. Tinkadya mbale zili pamiyendo chifukwa tebulo ndinali nditalanda ine.

Funso limene aphunzitsi anandipatsa linali la nkhalango za ku Ulaya: kodi mimbulu ndiyo imafalitsa kachirombo kamene kamapha nguluwe? Mmbulu ndinali ndisanauonepo, nguluwenso ayi, koma yankho ndinali nalo kale. Mmbulu umadya nguluwe yodwala, n'kuyenda mtunda wautali, basi matenda afika kwina. Ndinajambula mmbulu wa mano ofiira pakati pa katoniyo, ndipo ndinaukonda kwambiri moti sindinkafuna kumva zina.

Bambo anga ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Rockville. Ankabwerako msana ukuwawa, manja akununkha sopo wa kuchipatala. Koma kumudzi, ku Mchinji, anali mlangizi wa ziweto, ndipo ine zimenezi ndinkangozidziwa ngati dzina la wachibale amene sindinamuonepo. Tsiku lina anaima kumbuyo kwanga n'kuwerenga katoniyo pang'onopang'ono, nkhope yawo n'kuwala.

"Ichi ndi chigodola cha nkhumba," anatero. "Ndakwirira nkhumba zambiri chifukwa cha matenda amenewa. Anthu ankapha agalu, amvekere ndiwo akufalitsa, pamene eni akewo akunyamula nyama pa njinga kupita nayo kumsika."

Anakoka mpando kuti akhale. Ine, osatembenuka n'komwe, ndinayankha m'Chingerezi kuti izi ndi za ku Ulaya, si za ku Malawi. Mpando uja anaubwezera pamalo pake.

Patapita masiku angapo ndinapeza zomwezo m'buku limene ndinabwereka ku laibulale. Kachiromboko sikadwalitsa munthu, koma kamakhala nthawi yaitali mu nyama youma kapena yowamba, ndipo amene amakafikitsa kutali kwenikweni ndi anthu. Za mimbulu bukulo linati n'zokayikitsa. Ndinawerenga kawiri, n'kutseka. Kusintha kukanatanthauza kumatula mmbulu wanga, komanso kuvomera kuti bambo ananena zoona, ndipo zonse ziwiri zinandikulira.

Mwezi womwewo kunabwera kuchokera ku Malawi amalume a Fanuweli, achimwene awo a mayi, amene anali mwini mbumba kwathu. Anali aatali, oseka ndi thupi lonse, ndipo ankanditchula kuti "mzungu wathu". Ndinawakonda tsiku lomwelo. Atatsegula sutikesi pabalaza, anasuntha zitenje ndi timatumba ta nsinjiro, n'kutulutsa mtolo wokulunga m'nyuzipepala. Utsi wa nkhuni unadzaza nyumba yonse. Inali nyama ya nguluwe yowamba, yakuda, yolimba ngati khungwa, ndipo amalume ankadzitama kuti pa bwalo la ndege sanaitchule. Mayi anatenga kachidutswa, kukanunkhiza, n'kuyamba kulira, pakuti panali patapita zaka zisanu ndi zinayi asanaponde kwawo. Amalume analamula kuti Lamulungu, tikaweruka kutchalitchi ku Lanham, banja lililonse lilandireko, chifukwa chochokera kumudzi munthu sadya yekha.

Bambo anafunsa motsitsa mawu ngati nkhumba kumudzi zili bwino.

"Zikufa, alamu, makola angoti pululu," anatero amalume. "N'chifukwa chake tikudya za m'tchire."

Bambo anayamba kufotokoza kuti kutchalitchi kwathu kuli a Tembo, a ku Zambia, amene amagwira ntchito pa famu ya nkhumba ndipo zotsala za chakudya amapita nazo kumeneko. Sanamalize. "Alamu, kuno si kudibi," anatero amalume, ndipo mayi anaseka nawo pang'ono kuti nkhani ithe. Kwathu mkamwini salimbana ndi mwini mbumba, ndipo lamulo limeneli linawoloka nafe nyanja bwinobwino.

Loweruka masana mayi ndi amalume anapita kogula zinthu. Bambo anatenga mtolo wonse n'kutsika nawo kuseri kwa nyumba, kumene kunali chitsulo chowotcherapo nyama chimene anthu ankachigwiritsa ntchito m'chilimwe. Ndinakhala pa masitepe, manja m'thumba la jekete, ndikuwaona akuthira makala. Anaikapo zonse, nyama, nyuzipepala, ngakhale chingwe chomangira. Mafuta ankathetheka, utsi ukupita pamwamba pa magalimoto, ndipo fungo lake linali lokoma moti mate anadzaza m'kamwa mwanga. Anaima pamenepo maola awiri mphepo ikuwomba, mpaka panatsala phulusa lokhalokha. Atakwera anatsuka sutikesi ija ndi jiki.

Amalume atabwera sanakalipe msanga. Anakhala pa sofa, n'kufunsa mayi ngati m'nyumba muno mphatso ya kwawo yasanduka zinyalala. Mayi anaima pakhomo la kukhitchini atagwira pakamwa. Bambo, ataimirira ngati wolakwa pabwalo la milandu, anafotokoza zonse kachiwiri, koma amalume ankangoyang'ana kudenga. Ndiye bambo anatembenukira kwa ine.

"Tadala, mwanawe, uwauze amalume ako zimene ukuphunzira kusukulu."

Onse atatu anandiyang'ana. Ndinkadziwa yankho, tsamba lake ndinkaliona m'maso mwanga. Koma ndinaonanso maso a mayi atafiira, ndipo ndinkafuna amalume apitirize kunditcha mzungu wawo. Ndinayankha m'Chichewa changa chopotokacho, kuti amve bwino.

"Matendawa amafalitsa ndi mimbulu. Ndipo kuno ku Maryland kulibe mimbulu."

Amalume anaseka mpaka kuwomba m'manja. "Mwamva, alamu? Mwana wa sukulu ya ku America ameneyo." Bambo anandiyang'ana kanthawi, osakwiya, kenako anapita kukasamba m'manja ngakhale anali atasamba kale.

Tsiku lomwelo amalume anasamukira kwa banja lina ku Lanham. Nkhani inafika kumudzi pa foni ife tisanadye chamadzulo. Patatha milungu iwiri akuluakulu a mpingo anakhala pansi, ndipo bambo anapepesa pamaso pa anthu, atanjuta, kuti ananyoza mphatso ya akuchikazi. Sanatchulenso za chigodola. Mayi anatha mwezi akuwayankha mawu amodziamodzi, ndipo kutchalitchi anthu ankawaseka mwakachetechete kuti ndi dokotala wa nkhumba wopanda nkhumba. Masamba anatha m'mitengo, kunja kukuda msanga, ine n'kumangomata timapepala tanga pa katoni.

Tsiku la chionetsero bambo anasinthana nthawi ndi mnzawo wa kuntchito kuti abwere. Analowa mu holo ya sukulu atavala yunifolomu, n'kuima patsogolo pa katoni yanga, kuwerenga mzere uliwonse. Aphunzitsi anali atandimatira kansalu ka mphoto pa katoniyo, koma analembanso kuti umboni wanga ndi wochepa. Ndinadikira kuti bambo anene kanthu. "Mmbuluwu wajambula bwino," anatero, n'kundikonzera kolala. Kuyambira pamenepo sindinawamvenso akukamba za ziweto m'nyumba mwathu.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti unali mkangano wa nyama, ndipo ndinkadzitonthoza kuti bambo sakudziwa kuti ndinawerenga buku lija, akungoona ngati mwana walakwitsa. Sindidziwa ngati m'nyamamo munalidi kachirombo, ndipo palibe adzadziwe. Chimene ndikudziwa lero n'chakuti munthu amene tsiku lonse ankasambitsa makolo a eni, wopanda womufunsa chimene anaphunzira, anafuna mboni imodzi yokha m'nyumba mwake, ndipo anasankha ine. Zimandipweteka mpaka pano.

Bambo ndinawapepesa nditakula, ndili ndi mwana wanga kale, iwo tsitsi litayera. Ndinawauza kuti tsiku lija ndinanama, kuti zoona zake ndinkazidziwa. Ndinkayembekezera kuti adabwa. Anangopukusa mutu pang'ono, akumwetulira.

"Mwana wanga," anatero, "ukuganiza kuti ndikanakufunsa pamaso pa amalume ako ndisakudziwa kuti ukudziwa?"