Thabwa la a Mzere

Bambo Mfumu anandipempha kuti ndilembe mbiri ya malemu a Mzere m'kalata ya parishi ya sabata ino, ndipo anandichenjeza kuti ndilembe mofatsa. Ndiyesetsa, koma sindikulonjeza. Ine ndine mayi uja wa pa njinga ya olumala amene ndimakhala pafupi ndi khomo la m'mbali pa Misa yoyamba. Impso zanga zinaleka kugwira ntchito, choncho Lolemba ndi Lachinayi lililonse ndimayenera kukafika kuchipatala kuti makina akanditsuke magazi. Madokotala anandiuza mosapsatira mawu chimene chimachitika munthu akaphonya kawiri motsatizana. Kwa zaka khumi ndi chimodzi, amene ankandifikitsa kumeneko anali a Mzere amenewa. Zimene ndalemba pano ndinazimva m'takisi mwawo, zina kwa eni ake, zina kwa akazi awo.

A Mzere anabadwa wachisanu m'banja la kalipentala, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa depoti ya mabasi. Anakula akugwira msasa ndi sandipepa, ndipo m'mawa uliwonse ankatumikira pa guwa asanapite kusukulu. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, amayi awo anagwa pakhomo, mbali imodzi itauma. Iwo ndi abambo awo anawakweza pa wilibala n'kuwakankha mpaka kuchipatala, ulendo wa maola awiri, uku akuimitsa galimoto iliyonse imene inkadutsa. Mayiwo anamwalira patapita masiku atatu. Nkhaniyi anandiuza kamodzi kokha, titaima pa maloboti. "Ndinkawerenga magalimoto amene anatidutsa," anatero. "Nditafika pa makumi anayi ndinasiya."

Atakula anayamba n'kutsuka magalimoto pa siteji ya matakisi ya pafupi ndi msika waukulu, kenako anaphunzira chiwongolero, mpaka patapita zaka zambiri anapeza galimoto ndi chiphaso chawochawo. Achinyamata a masiku ano sangadziwe mmene ntchitoyi inalili. Ziphaso zinali zowerengeka. Galimoto inkapimidwa mabuleki ndi matayala kawiri pachaka, dalaivala ankapimidwa maso, ndipo mtengo unkanenedwa ndi mita. Koma lamulo limene iwo ankalikonda kuposa onse linali la mzere. Matakisi ankaima mondondozana pa mzere wachikasu wopenta pansi, ndipo amene ali kutsogolo ankanyamula aliyense wobwera, kaya akupita pafupi, kaya wadwala, kaya wasenza matumba a makala. Kukana munthu kunali kolanditsa chiphaso. "Wakutsogolo sasankha," ankatero, ndipo ananena mawuwa kambirimbiri mpaka dzina lawo la ubatizo linaiwalika, anthu n'kumangoti a Mzere.

Misa ya m'mawa sankaiphonya, ngakhale kuti inkawachititsa kufika pa siteji anzawo atapanga kale maulendo awiri. Anzawowo ankawaseka kuti, "A Mzere, Mulungu wanuyo sakwera takisi." Iwo ankayankha akupukuta galasi kuti, "Amakwera. Kungoti sanena kuti ndi Iyeyo." Anakwatira mayi wina wosoka zovala, ndipo analera ana aakazi atatu.

Ine ndinakumana nawo tsiku langa loyamba lopita ku makina aja. Mng'ono wanga anandikankha mpaka pa siteji, ndipo amene anali kutsogolo anali iwowo. Kundichotsa pa njinga n'kundikhazika pampando wa galimoto inali ntchito ya thukuta. Ndine wathupi, sindibisa. Anandinyamula ngati thumba, diresi linakwera, anthu akuyang'ana, ndipo ndinalira ndi manyazi njira yonse. Lachinayi lotsatira ndinangomva hutala pachipata. A Mzere anatsegula buti n'kutulutsa thabwa lotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, losalala bwino, m'mbali mwake mosongola, lopakidwa polishi. Mbali imodzi anaiika pampando wa njinga yanga, ina pampando wa galimoto. "Mayi, tsetserekani nokha, pang'onopang'ono. Ine ndingogwira apa." Ndinalowa m'galimoto ndekha, diresi lili m'malo mwake. Ntchito yonseyo, kuphatikiza kupinda njinga n'kuiika m'buti, inkatenga mphindi khumi. Muzikumbukire mphindi khumi zimenezi.

Patapita zaka ziwiri, akuluakulu a mzinda analengeza kuti amasula msika wa matakisi. Anati aliyense amene ali ndi galimoto atha kunyamula anthu, palibenso za ziphaso zowerengeka, palibenso mita, palibenso kupima, palibenso mzere. Pa wailesi anati mpikisano utsitsa mitengo ndipo achinyamata apeza ntchito. Ndisawanamizire: achinyamata ena anapezadi chochita, ndipo amene amapita maulendo ataliatali atanyamula kachikwama kamodzi akulipira zochepa lero kusiyana ndi kale. Koma chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndikanakonda mmodzi mwa amene anasaina pepala limenelo atakhala pa njinga yangayi m'mawa umodzi wokha.

Miyezi isanu ndi umodzi isanathe, magalimoto anachuluka katatu pa siteji yomwe ija. Madalaivala ankalimbirana munthu mmodzi, wina atakoka chikwama, wina atakoka mkono. Kukagwa mvula mtengo unkakwera, ukavala bwino unkakweranso. Kunabwera magalimoto a zitseko zomanga ndi waya ndi matayala osalala ngati dazi. Chiphaso chija chimene a Mzere anachikhetsera thukuta zaka makumi awiri, chimene ankati adzachigulitsa akadzakalamba kuti apume, chinasanduka pepala wamba. Ndipo popeza tsopano aliyense ankasankha womunyamula, ife ochedwetsa, ife odwala, nkhalamba zoyendera ndodo ndi amayi a pakati opita pafupi, tinasanduka zinyalala.

Ndinaziona ndekha sabata ina galimoto yawo ili kugalaja. Mng'ono wanga anandikankha kuchokera pa galimoto ina kupita pa ina. Woyamba anati, "Mayi, njingayo indikandira penti." Wachiwiri anati, "Nthawi yokukwezani inuyo ine ndapanga kale ulendo wina." Wachitatu anangokweza galasi. Pagalasi lake loonera kumbuyo panalendewera korona, ndipo nkhope yake ndimaiona Lamulungu lililonse m'kwaya. Sindimutchula, akudzidziwa yekha. Amene anandinyamula tsikulo anali a Mzere omwewo, pa galimoto yobwereka kwa makaniko.

Iwo sanasinthe kalikonse. Ankaimika galimoto pa mzere wachikasu uja, womwe unali utafufutika, n'kumadikira, anzawo akuwadutsa uku ndi uku. Kawiri pachaka ankapita okha kukapimitsa mabuleki, popanda wowatuma. Kunyumba zinthu zinathina, ndipo tsiku lina akazi awo anapsa mtima.

"Abambo, mzere wake uti umene mukuimapowo? Mwatsala nokhatu!"

"Ngati ndatsala ndekha ndiye kuti ndili kutsogolo," anayankha. "Ndipo wakutsogolo sasankha."

Mayiwo akuti anafuna kuwagenda ndi sizasi, koma anapezeka akuseka. Kuyambira pamenepo anayamba kusoka mayunifolomu a sukulu kuti pakhomo pasazime moto.

Musaganize kuti anali munthu wosakwiya. Kamodzi anavala jekete lawo la ku Misa n'kupita ku msonkhano wa akuluakulu a mzinda, thabwa lili m'khwapa. Anadikira pa benchi kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo anapatsidwa mphindi zitatu. Anaika thabwalo patebulo nati, "Mabwana, mwamasula ife madalaivala, zikomo. Nanga wokwera pa thabwa ili mwamumasula kuti apite kuti?" Akuluakuluwo anawathokoza chifukwa cha maganizo awo abwino n'kuitana wotsatira. Mawa lake a Mzere anali pa Misa, kenako pa mzere.

Chiyeso chachikulu chinabwera chaka chatha, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Maso anayamba kuchita nkhungu. Tsiku lina tikuchokera kuchipatala anatsala pang'ono kugunda mayi wina amene ankawoloka msewu, chifukwa sanamuone mpaka atafika pafupi. Panalibe wowaletsa kupitiriza. Ndani amapimanso maso a dalaivala masiku ano? Ndipo pano ndiulule tchimo langa: ine ndinawachonderera kuti asasiye. Ndinati aziyendetsa pang'onopang'ono, azinyamula ine ndekha. Anandiyang'ana nati, "Mayi, wowoloka msewu uja nayenso ndi munthu wa Mulungu. Koma kuchipatala muzifika, musadandaule." Sabata yomweyo anagulitsa galimoto.

Kuyambira pamenepo, Lolemba ndi Lachinayi lililonse akatuluka mu Misa ankayenda wapansi kupita pa siteji, thabwa m'khwapa, n'kumagogoda pa mawindo a ana oti akanatha kukhala zidzukulu zawo. "Mwanawe, tiye tikanyamule mayi uja. Zokweza ndi zotsitsa ndi zanga, iwe ungoyendetsa." Ena ankayang'ana kumbali, koma pomaliza mmodzi ankachita manyazi ndi imvi zawo n'kuvomera. A Mzere ankakhala kumbuyo, njinga ili m'buti, akupemphera korona chamumtima. Miyezi khumi ndi inayi anachita zimenezi ndipo sindinaphonye tsiku ngakhale limodzi.

Lolemba lapitali anandibweza kunyumba monga mwa masiku onse, koma ndinaona kuti akupuma movutikira. Masana anauza akazi awo kuti aitane Bambo Mfumu. Analapa, anadzozedwa mafuta a odwala, analandira Ukaristia, kenako anapempha kuti awatulutsire mpando pakhonde, padzuwa. Mawu awo omaliza anali akuti, "Thabwa lili kuseri kwa chitseko. Lachinayi wina alitenge." Anatsinzina ngati akuwodzera, ndipo anapita mwamtendere, akazi awo atawagwira dzanja.

Tinawaika m'manda Lachitatu. Amene munalipo munaona zimene ndinaona ine. Matakisi oposa zana anatsatira bokosi, mondondozana, bwinobwino, popanda wodutsa mnzake. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi zinayi, madalaivala a mzinda uno anayenda pa mzere. Kumanda analiza mahutala, ndipo anayi analankhula. Wina anati tataya tate, wina anati chitsanzo chawo sichidzafa. Ndinalira, ndipo ndinakhulupirira.

Lachinayi ndinali pachipata 7 koloko, nditasamba, chikwama pamiyendo. Mng'ono wanga anaimbira foni anayi aja mmodzimmodzi. Awiri sanayankhe. Wachitatu anati ali kutali. Wachinayi anati akubwera pompano, ndipo ndinamudikira mpaka nthawi yanga ya pa makina inadutsa. Bambo Mfumu atamva anathamangira kwathu, koma iwo amayendera njinga yamoto, ndipo tinangoyang'anana.

Ndakwiya, abale anga, ndipo ndalapa kale za mkwiyowu koma sukuchoka. Ndakwiyira amene anafufuta mzere ali m'maofesi ozizira. Ndakwiyiranso ife amene timadziwa kuliza hutala kumanda koma mphindi khumi za wamoyo zimatikulira. A Mzere safuna maluwa athu. Ali kale kumene wakutsogolo anawalandira osasankha. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Thabwa lija akazi awo anabwera nalo kwa ine, ndipo ndapempha kuti aliimike pakhomo la tchalitchi, pafupi ndi madzi odalitsidwa. Mwalidutsa polowa, ndipo mulidutsanso potuluka. Silolemera. Miyendo yanga yatupa ndipo kupuma kwayamba kuvuta. Mukuwerenga izi Lamulungu, mawa ndi Lolemba. Nyumba yanga ndi ya chipata chobiriwira kuseri kwa sukulu ya parishi, ndipo ndidzakhala panja 7 koloko, nditasamba.