Chaka Chimene Anganga Anandiletsa Kuyamwitsa

Anthu a kwathu kwa Mpama akamatchula anganga, mayi awo a mayi anga, amanena zabwino zokhazokha, ndipo sanama ayi. Maliro akagwa, osambitsa anali iwo. Wapakati akayamba kubuula, kothamangira kunali kwa iwo. Lachinayi lililonse ankatsogolera amayi a mpingo kukazonda odwala, mtolo wa nkhuni pamutu, Baibulo atalimanga pansalu ngakhale kuwerenga sankakudziwa. Inenso anandilera ndi iwo mayi anga atamwalira. Koma ndili nayo yanga nkhani, ndipo poti ndakalamba, ndiinena basi.

Chaka cha njala yaikulu ija ndinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wongoyamba kumene kuima chogwirira. Bambo wake anati akukafuna ntchito ku Halale, kupita kwake kunali komweko, ngakhale kalata. Tinadya mango aawisi ophika, tinafukula zitsa za nthochi, mpaka zonsezo zinatha. Ndiye ndinayamba kuyenda wapansi, mwana kumbuyo, kudzera pa Njuli mpaka ku Limbe, kukachapa ndi kupeta m'makomo mwa eni sitolo. Malipiro ake anali madeya a m'kambale. Ndikafika nawo, anganga ankayamba ayamika Mulungu, kenako n'kutapako theka kukapatsa ana amasiye a kuseri kwa nyumba yathu. Zinkandinyansa, koma ukanawauza chiyani munthu ngati ameneyo?

Mwana anayamba kutupa mapazi, kenako masaya, tsitsi n'kufiira ngati ndevu za chimanga. Anganga atamuyang'ana anangoti ili ndi tsempho. Kwathu ankati mwana woyamwa akatupa chonchi ndiye kuti kholo lake lagona ndi munthu wapadera, n'kubwera kudzamugwira thupi lili lotentha. Bambo wake anali asanamugwire kwa miyezi. Wotsala ndani? Pamenepo n'kuti mbiri ili ponseponse yoti akazi ena akupeza madeya ku Limbe pogona ndi alonda.

Anganga anandikhazika pansi kuseri kwa nkhokwe yathu yopanda kanthu, n'kundiuza kuti nditchule mwamunayo kuti mankhwala agwire. Ndinalumbira, ndinalira, ndinagwira ngakhale Baibulo lawo lija. Iwo anagwada, anandipempherera nthawi yaitali kuti Mulungu afewetse mtima wanga wouma, ndipo atadzuka anandilanda mwana.

"Mkaka wakowo watentha. Ukamuyamwitsa umupha."

Anandiletsanso kuthira mchere m'ndiwo. Lamulungu lotsatira akulu a mpingo anandiimitsa mgonero, n'kundikhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Zimenezo ndinalibe nazo ntchito. Chimene chinkandidya ndi kulira kwa mwana m'nyumba mwa anganga, akumuthira phala la madeya lomwe linkangodutsa m'mimba ngati madzi. Ine ndili panja, mkaka wochepa womwe ndinali nawowo ndikufinyira pansi. Anganga sankagona naye tulo mwanayo, ankamuimbira nyimbo za m'tchalitchi, ankamutafunira chilichonse chimene apeza. Ankamukonda, zimenezo sindingawalande. Koma bere analibe.

Patatha masiku asanu atandilanda mwana, ndinanama. Ndinaitana amayi atatu a mpingo, ndinati inde, ndinagona ndi mlonda wina wa ku Limbe, ndinapeka ndi dzina lomwe. Ndinkaganiza kuti akamva zimene akufunazo andipatsa mwana wanga pompo. Anganga analira, anandikumbatira, anati tsopano Satana wachita manyazi. Anakakumba mizu, anatimwetsa tonse awiri, kenako anati ndidikire masiku atatu kuti thupi lizizire. Ndinawagwira miyendo, iwo anati mwambo suthamangiridwa. Mwana anamwalira tsiku lachiwiri, dzuwa lili pamutu.

Kumanda anthu ankandiyang'ana cham'mbali, poti ndinali nditavomera ndi pakamwa panga. Kuyambira tsiku limenelo anganga sindinawayankhulenso. Tinkakhala bwalo limodzi, madeya ndinkawaikira pakhomo ngati ndikuikira nkhuku, n'kutembenuka. Iwo sanasinthe. Maliro anachuluka chaka chimenecho, ndipo ankayenda mudzi ndi mudzi m'mimba mulibe kanthu, gawo lawo atapatsa ana a eni.

Patapita miyezi iwiri anatuma mayi wina woyandikana nafe kuti adzandiitane. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinapita. Ndinawapeza atakhala pamphasa, atakweza nsalu mpaka m'mawondo. Miyendo inali itatupa ngati mitondo, khungu likunyezimira, nkhope nayonso itafufuma.

"Mdzukulu wanga, ine sindiyamwa. Amuna anga anamwalira iwe usanabadwe. Nanga ine wandisempha ndani?"

Anafunsanso ngati za mlonda zija zinali zoona, ndinapukusa mutu. Anagwira pakamwa, osalira, osapemphera.

Lamulungu anauza amuna anayi kuti awanyamule pachitseko mpaka kutchalitchi, chifukwa kuyenda sankathanso. Anapempha kuti awaike kutsogolo, n'kuuza mpingo wonse kuti mwana uja inali njala, kuti mdzukulu wawo sanachimwe, anangonama pofuna mwana wake, ndipo kuti wolanda bere pakamwa pa khanda ndi iwo. Anati ngati pali woyenera kukhala pachitseko ndi iwowo. Amayi ena analira. Akulu a mpingo anandiitana kuti ndibwere ndidzakhale pamalo panga pakale, ndipo ndinapita chifukwa anthu ankandikankha.

Atawabweza kunyumba ndinasamukira kwa iwo, poti panalibe wina wowasamala. Ndinkawatembenuza, ndinkawachapira, ndinkawamwetsa phala ndi chikombe. Tsiku lina m'mawa anagwira dzanja langa, chikombe chili m'mwamba.

"Wandikhululukira kodi?"

Ndinkadziwa chimene Mkhristu amayenera kuyankha, anandiphunzitsa ndi iwo omwe. Pakamwa panakana. Ndinangoti, "Imwani, anganga, phala likuzizira."

Anamwa. Sanafunsenso. Anakhala masiku anayi, n'kumwalira chimanga chatsopano chisanabereke. Anthu ankandiyamikira kuti ndawasamala bwino agogo anga, ine n'kumangovomera. Ndinawamwetsadi mpaka tsiku lomaliza, koma mawu amene anapempha aja anapita osawamva, ndipo ngakhale lero sindikudziwa ngati ndikanawanena.