Mpando Wakutsogolo wa Amai

M'mawa wa nyengo yozizira ku Nangongwe unkanunkha utsi wa mbaula ndi kafungo koswa mphuno kochokera ku fakitale ya feteleza. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo amai, amene ankagulitsa nsomba zouma pamsika, anali atasiya kudzuka okha. Khansa ya m'bere inali italowa m'mafupa a msana. Ngakhale powafunditsa bulangete, ankaluma chitenje chifukwa cha ululu.

Madokotala ku Lusaka anati azipita masiku asanu otsatizana, kukagona pansi pa makina owotcha nthendayo ndi cheza chosaoneka. Makinawo sankapweteka. Chopweteka chinali minibasi. Tsiku loyamba anawapanikiza kumbuyo, pamwamba pa tayala, ndipo hampu iliyonse ya pamsewu inkawalasa m'fupa. Atabwerako anauza mng'ono wawo, amene ankawaperekeza, kuti kumeneko sadzapondakonso.

Mawa lake ndinalawirira pokwerera mabasi, milomo itachita mbuu ndi chisanu. Ndinasankha kondakitala amene mawu ake anali atasasa ndi chimfine, n'kumupempha mpando wa pafupi ndi dalaivala. Anati mpando umenewo ndi wa mabwana ndi akazi okongola. Ndinamuyankha kuti amai anga ndi zonse ziwiri. Anaseka, koma sanagonje. Ndinayesa kulira, misozi n'kukana. Mpaka lero maso anga sadziwa malonda.

"Ba kondakitala, mawu yanu yasila. Nizaitanila ine bantu bokwela, imwe musunge mpando," ndinatero.

"Iwe mwaiche, basi ikapanda kuzula na bantu, nizakumanga pa tayala," anatero.

Ndinathamangira kunyumba. Amai anali atayang'ana kukhoma. Ndinawauza kuti mpando wagulidwa kale, ndipo katundu wogulidwa sabwezedwa, lamulo lawo lomwe la pamsika. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaitanitsa nsapato.

M'mawa uliwonse wa masiku anayi otsalawo ndinakuwa dzina la Lusaka mpaka kukhosi kuuma. Ndinkalanda zikwama za anthu mwaulemu, n'kumalumbira kuti kwatsala malo awiri pamene m'basi munali amai, mng'ono wawo ndi nkhuku. Kusukulu ndinkafika mochedwa, ndipo ndodo ndinkazilandira osanenerera.

Patapita masabata awiri, ululu unayamba kuphwa. Amai anayenda okha mpaka pamsika, nakhala pa benchi yawo, nakangana ndi asodzi ngati kale. Ine ndinkauza aliyense kuti ndawachiritsa ndi pakamwa panga.

Anamwalira mango atayamba kupsa. Ndinkaona ngati makina aja anatibera. Ndili wamkulu m'pamene mng'ono wawo anandiuza kuti madokotala sanabise kanthu: chezacho chinali chochepetsa ululu, osati chochiritsa. Amai anakwera basi ija akudziwa chimene akukagula, miyezi yochepa yoyenda ndi miyendo yawo. Ine, amene ndimanenerera ngakhale singano, sindinagulepo chinthu mwanzeru chotero.