Onse alingane

Ndili pa kompyuta ya kuntchito, koma desiki ili pakati pa munda wa chimanga. Ndikukonza pulogalamu ya mwambo wovumbulutsa chiliza cha bambo, ndipo zithunzi za banja lonse zadzaza tsamba. Azakhali aima kumbuyo kwanga, avala nsalu yakuda ija ya pamaliro.

"Onse alingane," akutero. "Wina akakula kuposa mnzake, pakhala mlandu."

Ndikusankha zithunzi zonse pamodzi n'kukoka. Koma ndagwira m'mbali, osati pakona. Nkhope zonse zikuphwatalala ngati mandasi opondedwa. Bambo akutsegula pakamwa m'chithunzi chawo.

"Iwe, ukundipana nthiti."

"Pepani bambo, ndibweza."

Batani lobwezera palibe. Pamalo pake pali dzenje, mukutuluka chiswe. Ndikukokanso, pakona tsopano, ndipo onse akuchepa limodzi, mawu awo akumveka ngati udzudzu. Mwana wanga Tadala, amene chithunzi chake chinali chaching'ono kale, watsala ngati kanjere ka mpiru kumapeto kwa mzere. Dzanja langa silikuleka kukoka.

"Amayi, ine ndikukuonani," kakutero kanjereko. "Inu mukundiona?"

Azakhali akuwerama, akunyowetsa chala ndi malovu. "Kachitsotso aka kakutani pagalasi?"

Ndikufuna kukuwa kuti ameneyo ndi mwana, koma mawu sakutuluka. Chala chikuyandikira.

Ndadzuka kutulo. Tadala ali pakhonde akutsuka mano, ndipo ndamuyang'anitsitsa mpaka wandifunsa kuti walakwa chiyani.